Kuwerenga Kuyambire Pakhomo: Kabuku ka Makolo ndi Alezi a Ana Aang'ono

M'sukulu zambiri za boma m'Malawi muno si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 ali ndi ana oposa 100, ena atakhala pansi m'kalasi, ena patsinde pa mtengo. Chiwerengerochi chidakwera kwambiri mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Zidali zabwino, ndipo n'zabwinobe mpaka lero, kungoti makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi atati agawe ola limodzi la phunziro la Chichewa mofanana kwa ana 100, mwana aliyense angalandire masekondi 36 basi.

Zotsatira zake zidaonekera poyera mu 2010, pamene Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, udayesa ana m'zigawo zonse za dziko lino ndi mayeso otchedwa EGRA. Mwana aliyense ankakhala payekha ndi womuyesa, n'kupatsidwa malembo, maphatikizo ndi kankhani kafupi ka Chichewa. Ana a Sitandade 2 oposa theka sadathe kuwerenga ngakhale mawu amodzi a m'kankhaniko. Amenewatu adali ana olawira kusukulu m'mawa uliwonse, oimba nyimbo za m'kalasi mosaphonya. Pofuna kukonza zinthu, mu 2016 boma lidayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idabweretsa mabuku atsopano ndi kaphunzitsidwe katsopano m'Sitandade 1 mpaka 4.

Aphunzitsi akuyesetsa, ndipo kabuku kano sikakuwaloza chala. Kakunena za ntchito imene mphunzitsi wa ana 100 sangathe kuigwira ngakhale atafunitsitsa bwanji: kukhala ndi mwana mmodzi, kumumvetsera, kumuyankha, ndi kumudikira mpaka atchule yekha. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa a pakhomo, kaya ndi mayi, bambo, agogo, azakhali, amalume kapena mkulu wake wa mwanayo. Siilira ndalama, ndipo gawo lake lalikulu silifuna n'komwe kuti kholo likhale lodziwa kuwerenga.

Mawu ayambe achuluka m'mutu

Mwana amene walumikiza malembo n'kutchula kuti "nkhokwe", koma sadamvepo mawuwa chibadwire, sadawerenge kanthu, wangotulutsa phokoso. Kuwerenga kumafuna zinthu ziwiri: kutha kutchula zolembedwa, ndi kudziwa tanthauzo la zimene watchulazo. Choyambacho chimaphunzirika m'miyezi ingapo. Chachiwiricho chimatenga zaka, ndipo chimayamba mwana akadali kumbuyo kwa mayi ake.

Umboni wamphamvu wa zimenezi udachokera ku Kingston, m'dziko la Jamaica. M'zaka za 1986 ndi 1987 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor lidasankha ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24. Kwa zaka ziwiri, alangizi a zaumoyo ankayendera ena mwa mabanjawa ola limodzi pa sabata. Ankaonetsa amayi mmene angasewerere ndi mwana pogwiritsa ntchito zidole zopanga pamanja ndi timabuku ta zithunzi, kumutchulira mayina a zinthu, ndi kumuyamikira akachita bwino. Patatha zaka pafupifupi 20 ofufuza adawalondola anawo atakula, ndipo lipoti lomwe lidatuluka mu 2014 lidaonetsa kuti amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sadayenderedwe. Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu, 37 adali opinimbira. Chakudya n'chofunika, koma mwana amafunanso womulankhula.

Ndipo kulankhulako kukhale koyankhizana. Mu 2018 Rachel Romeo ndi anzake a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard adajambula mawu m'nyumba za ana a zaka 4 mpaka 6 ku Boston. Adapeza kuti luso la mwana pa chilankhulo linkayendera kwambiri kuchuluka kwa nthawi zimene iye ndi wamkulu ankayankhizana, kuposa kuchuluka kwa mawu amene ankangomupitirira m'makutu. Choncho wailesi yolira tsiku lonse pakhonde singalowe m'malo mwa munthu.

Apa pali chinthu chimene makolo ayenera kuchiyang'ana mosabisa. M'makomo ambiri mawu amene mwana amamva kuchokera kwa akulu amakhala omutuma ndi omuletsa okhaokha: "Tenga mbale. Choka apo. Khala chete, akulu akulankhula." Kuphunzitsa mwana ulemu n'kwabwino ndipo palibe akunena kuti kuthe. Koma mwana amene funso lake lililonse limathera kukalipiridwa amasiya kufunsa, ndipo akafika ku Sitandade 1 amakhala ndi mawu ochepa pomwe m'mudzi mwake mawu ali mbwee.

Taganizirani za chimanga chokha. Kuchoka kumunda kufika pambale chimadutsa m'mawu awa: kusosa, kugalauza, kubzala, kupalira, kubandira, kukolola, kutong'ola, kukonola, kupeta, kuviika, kusinja, kusefa, kuphika, kuomola. Palinso zipangizo zake, monga khasu, dengu, mtondo, munsi, lichero, mkeka, mthiko ndi chipande. Mwana amaziona zonsezi tsiku ndi tsiku, koma ngati palibe womutchulira, zonse zimangokhala "ichi" ndi "icho". Mayi akupeta, mwana wa zaka zinayi afunsa kuti, "Amama, mukutani?" Yankho lofulumira limakhala lakuti, "Sukuona?" Koma mayi atha kuyankha manja akugwirabe ntchito: "Ndikupeta mphale, mwanangu. Taona madeya akuuluka, mphale ikutsala m'lichero. Nanga iwe ukuganiza kuti madeyawa akuuluka chifukwa chiyani?" Mwana akati, "Ndi opepuka," mayi awonjezere: "Wakhoza, ndi opepuka, pomwe mphale ndi yolemera." M'kamphindi kameneka mwana wamva mawu asanu, waona tanthauzo lake ndi maso, ndipo waganiza yekha.

Njira ina yosavuta ndi yotalikitsa zimene mwana wanena. Iye akati, "Agogo, mbuzi yadya," agogo ayankhe kuti, "Eya, mdzukulu wanga, mbuzi yaboola mpanda, yadya mpiru kudimba." Sadamudzudzule, sadamuuze kuti abwereze, koma amupatsa chiganizo chathunthu pa nkhani imene iye mwini anaiyambitsa. Mawu atsopano amakhazikika akamveka kangapo, masiku osiyana, pamalo osiyana. Ngati lero mwana wamva kuti "kusenza", mawa amve kuti azakhali asenza ndowa, mkuja amve kuti bambo uja wasenza thumba, kenako afunsidwe ngati mwana wakhanda amasenzedwa kapena amaberekedwa. Asaiwalidwe mawu okometsa aja, monga mbee, bii, psuu, zii ndi phwii. Ana amawakonda, ndipo amawapeza kawirikawiri m'nthano zolembedwa.

Nthano ndi zilape

Gogo akanena kuti "Padangokhala" ana n'kuvomera kuti "Tili tonse", phunziro la kumvetsa nkhani layamba kale. Mwana amaphunzira kuti nkhani imakhala ndi poyambira, vuto ndi mathero, kuti Kalulu akachita chakuti pamatsatira chakuti. Chofunika kuwonjezera n'chochepa: wofotokoza aziima pakati n'kufunsa kuti, "Ukuganiza kuti Fisi achita chiyani tsopano?" Ndipo mawa lake mwanayo afotokozere mng'ono wake nthano yomweyo. Akasokoneza ndondomeko yake, amufunse kuti, "Asanafike kumtsinje kuja, panachitika chiyani?"

Zilape nazo, zija zoyamba ndi "Chilape!" wina n'kuti "Nachize!", kapena "Ndagi!" n'kuvomera "Gize!", zimaphunzitsa mwana kufotokoza chinthu osachitchula dzina. Akadziwa zakale zingapo, apeke zake za zinthu za m'nyumba. Masanje nawonso asaletsedwe. Mwana amene akusewera ngati wogulitsa pamsika kapena namwino wa kusikelo amagwiritsa ntchito mawu amene sakanawatchula m'macheza wamba.

Khutu lizindikire maliwu

Mwana asanaone lembo ndi limodzi lomwe, ayenera kuzindikira kuti mawu amaduka m'zigawo. Kwa wamkulu zimenezi n'zodziwikiratu, koma kwa mwana wa zaka zinayi "chipande" ndi chinthu chimodzi chosaduka. Masewera otsatirawa safuna buku kapena nyale, ndipo gogo amene sadapondeko kusukulu amawatha bwino lomwe.

Oyamba ndi kuomba m'manja potchula dzina: ka-lu-lu katatu, mbu-zi kawiri, gu-lu-gu-fe kanayi. Ayambe ndi dzina la mwanayo ndi mayina a abale ake. Mawu ngati "mtengo" ndi "mpando" amaombedwa katatu, m-te-ngo, m-pa-ndo, chifukwa "m" woyambayo amaima payekha. Achiwiri ndi kutuma mwana moduladula: "Kanditengere chi... pa... nde." Mwana akalumikiza yekha n'kubwera nacho chipandecho, wachita ndi khutu ntchito yomwe adzaichite ndi maso powerenga. Achitatu ndi kusaka zinthu zoyamba mofanana: "Ndikuona chinthu choyamba ndi ma." Mwana atchule madzi, masamba, makala, mano. Akazolowera, afunsidwe za liwu limodzi lokha, monga sss wa mu sopo, sefa ndi supuni. Masewerawa achitike popita kumjigo, podikira kuchigayo, kapena madzulo nsima ili pamoto.

Malembo ndi maphatikizo

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe: chimalembedwa pafupifupi mmene chimatchulidwira. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lili. Mwana akadziwa liwu la lembo lililonse ndi kalumikizidwe kake, amatha kuwerenga mawu amene sadawaonepo. N'chifukwa chake n'zomvetsa chisoni kuona mwana wa Sitandade 3 akulepherabe, popeza chilankhulo chake sichidamuikire zopinga zambiri.

Makolo ambiri adaphunzira ndi buku la Sosa ndi nkhani za Timve ndi Tsala, ndipo mwachibadwa amafuna kuyambitsa mwana pa a, b, c mpaka z. Kusukulu masiku ano malembo satsata ndondomeko imeneyo. Amayamba ndi malembo opezeka kawirikawiri m'mawu a Chichewa, ndipo aphunzitsi amawakumbukira ndi dzina lakuti "anikumeto": a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake ndi wakuti mwana amayamba msanga kuwerenga mawu enieni. Ndi malembo awiri oyamba okha wapeza kale "ana". Ndi asanu ndi anayi onsewo atha kuwerenga mano, moto, mutu, kuno, ine, uta, kanema, ngakhale chiganizo chathunthu monga "Atate akumeta ana." Kholo lifunse mphunzitsi kapena liyang'ane m'kope la mwana kuti lidziwe lembo la sabata imeneyo, n'kutsata lomwelo pakhomo. Kuthamangira kutsogolo ndi ndondomeko ina kumangomusokoneza mwana.

Chimene chimasocheretsa ana ambiri ndi kusiyana kwa dzina la lembo ndi liwu lake. Dzina la m ndi "emu", koma liwu lake ndi mmm, milomo ili yotseka. Mwana amene adangoloweza mayina akapatsidwa m ndi a amati "emu-a", ndipo "ma" satuluka. Wophunzitsa atchule liwu motalikitsa n'kulitsetserekera pa lembo la liwu: mmm-a, ma. Kenako ma, me, mi, mo, mu. Koma asalole kuti mwana azingoimba mzere umenewu ngati nyimbo. Aloze mosakaniza, mu, ma, mo, mi, kuti aone ngati maso akugwiradi ntchito.

Zipangizo zili pakhomo pomwepo. Katoni yakale ikadulidwa timagawo tofanana ndi bokosi la machesi, pa kagawo kalikonse palembedwe phatikizo limodzi ndi cholembera kapena khala. Zitsekerero za mabotolo nazo zimagwira ntchito yomweyo ndipo zimakhalitsa. Mwana aike "ma" pafupi ndi "no", awerenge. Achotse "no" aike "ke", awerengenso. Zonse zisungidwe m'kachitini kuti zisabalalike. Ndondomeko yabwino ndi yomwe aphunzitsi amaitsata m'kalasi: wamkulu achite yekha mwana akuona, kenako achitire limodzi, potsiriza mwana achite yekha.

Kulemba kuyende limodzi ndi kuwerenga. Mwana alembe lembo ndi chala pamchenga, ndi kamtengo pabwalo, ndi khala pakatoni, uku akutchula liwu lake. Kusokoneza b ndi d, kapena kulemba lembo chotembenuza, n'kofala kwa ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri ndipo kumatha ndi kuyeserera. Mwana wamanzere asakakamizidwe kulemba ndi dzanja lamanja.

Pamene ana ambiri amakakamira

Maphatikizo a malembo awiri ngati ma ndi ko savuta. Phiri limayamba pa maphatikizo a malembo atatu, anayi kapena asanu: mba, nda, dza, tsa, nya, tcha, mpha, ntha, nkha, ntcha, nkhwa. Mwana amene amawerenga "moto" mosadodoma atha kuima njii pa "nkhwangwa", ndipo makolo ena amaganiza kuti wabwerera m'mbuyo. Sanabwerere ayi, wangofika pa gawo lofuna nthawi yochuluka. Njira yake ndi kumanga pang'onopang'ono kuchokera pa zimene akuzidziwa: ka, kha, nkha, nkhwa. Phatikizo limodzi lovuta likwanira masiku awiri kapena atatu, ndipo mwana asake mawu ake amene ali nalo, monga nkhuku, nkhuni, nkhono ndi nkhanga.

Lembo la h likatsatira p, t kapena k limasonyeza kampweya kotuluka, ndipo kampweya kameneka kamasintha tanthauzo: pala ndi phala, kola ndi khola, kuta ndi kutha. Mwana aike chikhatho pafupi ndi pakamwa potchula, amve yekha mpweya ukumuomba pa "phala" koma osati pa "pala". Kachizindikiro ka mu ng' nakonso kafotokozedwe: ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona zimamveka mosiyana ndi ngolo, ngozi ndi ngongole. Polemba, l ndi r zimavutitsa ngakhale akulu. Lamulo lothandiza ndi lakuti mkati mwa mawu r amatsatira i kapena e, monga mu mbiri, lira ndi pereka, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o ndi u, monga mu mbale, tola ndi kula. Wophunzitsa amene akukayika za kalembedwe kapena tanthauzo la mawu atha kufunsa kusukulu kapena kulaibulale za Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies ku Zomba adatulutsa mu 2000.

Akuwerengadi kapena waloweza?

Ana ali ndi mitu yogwira zedi. M'kalasi lalikulu amabwereza chiganizo pamodzi kambirimbiri, ndipo mwana atha kufika pakhomo, kutsegula buku, n'kunena tsamba lonse osaphonya, maso ali kudenga. Makolo amasangalala, koma vuto limadzaonekera mochedwa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Wamkulu aphimbe chithunzi ndi dzanja n'kuloza mawu kuyambira kumapeto kwa chiganizo. Kapena alembe pansi mawu omwewo mosinthanitsa malo. Athanso kulemba mawu opanda tanthauzo ochokera m'malembo amene mwana adaphunzira kale, monga "nomu" kapena "teki". Oyesa a EGRA amachita zomwezo, chifukwa mawu otere mwana sangawaloweze. Akawatha, ndiye kuti akuwerengadi.

Mwana akakakamira pa mawu, wamkulu asathamangire kumuuza. Awerengere mumtima mpaka kasanu. Ngati pali zii, aphimbe mbali ina ya mawuwo kuti paoneke phatikizo loyamba lokha, kenako lachiwiri. Zikakanikabe amuuze, mwana abwereze chiganizo chonse, apitirire. Kankhani kamodzi kawerengedwe katatu kapena kanayi pa masiku osiyana, chifukwa kubwereza n'komwe kumachotsa kudodoma. Amene ali ndi foni atha kuyesa kamodzi pa mwezi kuti mwana akuwerenga mawu angati molondola pa mphindi imodzi, n'kulemba chiwerengerocho kuchikuto cha kope. Chiwerengerocho chifanizidwe ndi cha mwana yemweyo mwezi watha, osati ndi cha mwana wa anansi.

Akamaliza kuwerenga, pakhale macheza. Kafukufuku wa Grover Whitehurst ndi anzake ku America mu 1988 adaonetsa kuti ana aang'ono amaphunzira mawu ambiri ngati wamkulu akuwafunsa mafunso pa buku la zithunzi m'malo mongowawerengera. Mafunso oyankhidwa ndi "eya" kapena "ayi" sapindula kwenikweni. Abwino ndi oyamba ndi "chifukwa chiyani", "ukanakhala iwe ukanatani", ndi "kwathu kuno zoterezi zinachitikapo liti".

Zowerenga zichokera kuti?

M'nyumba zambiri buku lopezeka ndi Buku Lopatulika, Buku Loyera kapena buku la nyimbo za kutchalitchi. Malembo ake ndi aang'ono kwa mwana woyamba, komabe atha kusakamo lembo kapena mawu amene akuwadziwa. Masamba a Chichewa a m'nyuzi, monga Tamvani, Tikambe ndi Fuko, ali ndi mitu ya malembo akuluakulu yoti n'kudula. Paketi ya shuga, thumba la feteleza, chikwangwani cha golosale, mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi, zonsezi n'zowerenga. Pomwe sukulu imalola mwana kupita ndi buku kunyumba, likutidwe ndi pepala kapena pulasitiki, lisungidwe pamalo okwera, koma lisabisidwe m'sutikesi poopa kuti ling'ambika.

A National Library Service ali ndi malaibulale ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo adasindikizapo timabuku ta ana totchedwa Werengani. Ku Zomba, bungwe la Save the Children lidayambitsa mu 2009 ndondomeko ya Literacy Boost, momwe ana ankakumana m'mudzi ataweruka kusukulu, wachinyamata wodzipereka akuwawerengera ndi kuwabwereka timabuku. Mudzi uliwonse utha kuchita zofanana popanda kudikira bungwe. Mabanja asanu kapena khumi atha kusonkhanitsa zowerenga zawo m'katoni imodzi, n'kupempha mnyamata kapena mtsikana wa sekondale kuti azikhala ndi ana Loweruka masana. Komiti ya sukulu, gulu la amayi la pasukulu ndi anyakwawa atha kuthandiza kupeza malo.

Buku lokoma kwambiri kwa mwana ndi lopanga yekha. Mapepala anayi apindidwe pakati n'kusokedwa ndi ulusi. Mwana afotokoze nkhani yake, kaya ya tsiku limene nkhuku inaswa anapiye, mkulu wake alembe chiganizo chimodzi pa tsamba ndi malembo akuluakulu, mwiniwake ajambule zithunzi. Mawu onse amene ali mmenemo amawadziwa kale, ndiye mtima wake wonse umakhala pa malembo.

Nthawi, munthu ndi mtima wake

Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Lamlungu lokha. Nthawi yabwino ndi masana mwana atadya ndi kupumako, dzuwa lisanalowe, popeza kuwerengera pa koloboyi kumatopetsa maso. Mwana wanjala kapena watulo sagwira kanthu. Mtsikana naye apatsidwe nthawi yake, isamathere kumjigo ndi kulera mng'ono wake pomwe mlongo wake ali pa buku. Bambo asaione ntchitoyi ngati ya amayi okha. Mwana wamwamuna amene sadaonepo bambo kapena malume ake atagwira pepala amaganiza kuti kuwerenga n'kwa ana ndi akazi.

Kholo losadziwa kuwerenga lili ndi zochita zambiri. Lithe kunena kuti, "Tabwera undiwerengere zimene mwaphunzira lero," n'kumvetsera. Ngati zimene mwana akunena sizikumveka, khutu la wamkulu limadziwa, ndipo afunse kuti, "Tabwerezanso pamenepo, sindinamve." Liyang'ane kope tsiku ndi tsiku, lipite kukaonana ndi mphunzitsi kamodzi pa teremu. Ena amalowa sukulu ya kwacha n'kumaphunzira limodzi ndi ana awo, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Ndodo, kukoka makutu ndi mawu ngati "mbuli iwe" zisapezeke pa nthawi yowerenga. Mwana wamantha amaika maganizo ake pa dzanja la womuphunzitsa m'malo mwa tsamba, ndipo amayamba kungolota mayankho kuti zithe msanga. Mkulu wake amene wapatsidwa ntchito yophunzitsa achenjezedwe za kuseka ndi kunyoza. Poyamikira, wamkulu atchule chimene mwana wachita: "Unalakwitsa koma wabwerera wekha n'kukonza, wachita bwino." Ngati wamkulu waona kuti mtima wayamba kumutentha, atseke buku, adzapitirize mawa.

Chilankhulo cha pakhomo, Chingerezi ndi foni

Makolo ena, makamaka m'tauni, amaletsa ana kulankhula Chichewa poganiza kuti Chingerezi chilowa msanga. Kufuna Chingerezi n'komveka, chifukwa mayeso ndi ntchito zimachilira. Koma mwana amaphunzira kamodzi kokha kuti malembo amaimira maliwu, ndipo amaphunzira mofulumira m'chilankhulo chimene amachimva. Lusolo amapita nalo ku Chingerezi. Kholo limene lasiya Chichewa chake chakuya n'kumalankhula ndi mwana timawu tochepa ta Chingerezi lamuchepetsera mawu m'zilankhulo zonse ziwiri. M'makomo a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, nthano ndi macheza zipitirire m'chilankhulo cha makolo, ndipo mawu a Chichewa a m'buku la kusukulu afotokozedwe m'chilankhulo chomwecho.

Za foni, malangizo a World Health Organization a mu 2019 amati mwana wosafika zaka ziwiri asamaonere kanema kapena foni, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Ngati mwana akuonera, wamkulu akhale pomwepo n'kumacheza naye za zimene akuonazo.

Mwana akamatsalira m'mbuyo

Ana sayendera limodzi. Wina amagwira malembo ali ndi zaka zisanu, wina zisanu ndi ziwiri. Amene adapitako ku sukulu ya mmera mpoyamba amakhala atazolowera kale kumvetsera ndi kugwira cholembera, choncho pomwe sukuluzi zilipo, mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu apite. Akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi alembetsedwe Sitandade 1 osachedwetsa, ndipo asamajombe pa zifukwa zazing'ono, chifukwa kujomba sabata imodzi kumatanthauza kuphonya lembo lathunthu.

Koma pali zizindikiro zofuna kuchitapo kanthu. Mwana amene wafika zaka ziwiri osatchula mawu alionse, amene satembenuka akaitanidwa cha kumbuyo, amene amatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri, kapena amene amayandikitsa buku kumaso ndi kutsinzinira poyang'ana pa bolodi, apite naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Khutu losamva bwino limalepheretsa mwana kusiyanitsa "pala" ndi "phala", ndipo nthawi zambiri ana otere amangotchedwa amwano kapena ogona. Mwana amene adadwalapo malungo aakulu kapena amakomoka awonedwenso bwino.

Ngati maso ndi makutu zili bwino, mwana sajomba, akuthandizidwa pakhomo, koma wamaliza Sitandade 2 asakutha kulumikiza maphatikizo, kholo lipite kwa mphunzitsi wamkulu likafunse za mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ena amayendera sukulu zingapo za m'dera limodzi. Popita kumeneko kholo litenge kope la mwana ndi buku lake la kuchipatala, ndipo likafotokoze malembo amene mwana amawatha ndi amene amamuvuta.